Alendo a pamatope: chimene ojambula mbalame amatsata kugombe la Mtakataka

Ukachoka pa boma la Dedza m'mawa wa mwezi wa Novembala juzi ili pathupi, n'kutsika msewu wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, pasanathe maola awiri juzi ija imakhala ili m'chikwama, thukuta lili kamukamu. Poyeza kuchokera pa nyanja yamchere, boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe madzi a Nyanja ya Malawi ali pa mamita 475 okha. Mitengo ya paini ndi minda ya kachewere zimatsala kumwamba, kunsi umalandiridwa ndi malambe, migwalangwa ndi mpunga. Ambiri a ife okulira kumapiri timaiwala kuti boma lathu lili ndi gombe. Timati nyanja ndi ya a ku Salima ndi a ku Mangochi. Komatu kuseri kwa Mua ndi Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto, Dedza imakathera m'madzi, pakati pa bango, mchenga ndi matope.

Kumeneko nthawi zina kumafika anthu onyamula makamera a milomo itali-itali ndi magalasi oonera patali. Sagula nsomba, sasambira. Amagona chafufumimba pamchenga, maso ali pa timbalame totuwa tomwe ngakhale mwana wa legeni sataya nato mwala. Funso limene amalandira ndi limodzi kulikonse: mukazijambula, muzidya? Funsoli si lachipongwe. Kwathu mbalame ndi ndiwo, kapena mdani wa m'munda, kapena malodza. Kuti munthu wamkulu awotche mafuta a galimoto kudzangoyang'ana mbalame, pafunika kufotokoza. Ndipo ine ndikuona kuti kufotokozako kukamveka bwino, tidzazindikira kuti ntchitoyi eni ake enieni ndi anthu a pagombe pomwepo.

M'Malawi munalembedwa mitundu ya mbalame pafupifupi 650, yochuluka kwambiri poyerekeza ndi kuchepa kwa dziko lathu. Zambiri ndi nzika, zimaswa konkuno n'kufera konkuno, monga nkhwali, pumbwa, njiwa ndi nkhwazi. Zina zimayendayenda mu Africa momwemuno motsata mvula. Adokowe akuda a mimba yoyera amene amatera m'minda mvula yoyamba ikagwa amakaswera kumtunda, kufupi ndi chipululu cha Sahara, ndipo kuno amangodzadya ziwala ndi mbozi. Gulu lachitatu ndi lochokera kutali zedi, ku Ulaya ndi ku Asia. Limayamba kufika cha mu Seputembala ndi Okutobala, n'kunyamuka mu Marichi ndi Epulo. Namzeze wa kukhosi kofiirira amene amadzaza mawaya a magetsi nthawi ya dzinja ali m'gulu limeneli. Miyezi ingapo yapitayo anali ndi chisa m'khola la ng'ombe kwinakwake ku Ulaya kapena ku Russia.

Koma amene amagoneka anthu pamchenga ndi mbalame za pamatope, za miyendo yowonda ndi milomo yosongoka. Pali kena kamene mabuku amakatcha Little Stint. Kulemera kwake ndi ngati theka la dzira la nkhuku. Kamaswera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene mitengo simera ndipo nthaka imauma gwa ndi chisanu miyezi yambiri pa chaka. Kuchokera kumeneko kudzafika pa matope a kuno ndi ulendo wa makilomita oposa 9,000. Ukakaona kakuthamangathamanga m'mphepete mwa madzi, kakujompha tizilombo tosaoneka ndi maso, sungakhulupirire kuti kadutsa mayiko amene ambiri a ife sitidzawapondako. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ana ake. Makolo amanyamuka msanga, anawo amatsala kaye, kenaka amauluka popanda wowatsogolera amene anayendapo kale njirayo, koma amafika.

Chowayendetsa ndi chakudya. Kumpotoko, mu Juni ndi Julayi, dzuwa sililowa kwenikweni, ndipo udzudzu ndi tizilombo tina timaswana kosaneneka. Ana amapeza chakudya usana ndi usiku. Chisanu chikabwerera, madzi amaundana, chakudya chimatheratu, ndipo wotsala amafa. Nthawi yomweyo kuno mvula imakhala ikuyandikira, inswa zili pafupi kutuluka. Mbalame isananyamuke imadya mpaka mafuta kukuta thupi lonse, ndipo mafutawo ndiye kamba wa paulendo. Akatha, iyenera kutera pamalo odyera n'kukhutanso. Ndiye chifukwa chake dambo limodzi likauma kapena likalimidwa lonse, vuto silikhala la mbalame za m'mudzimo zokha. Zili ngati mlatho umodzi kukokoloka pa msewu wa M5: magalimoto onse ochokera ku Balaka kupita ku Salima amaima, ngakhale milatho ina yonse ili bwinobwino.

Azungu nawonso sanazidziwe msanga zimenezi. Kwa zaka mazanamazana ena mwa iwo ankakhulupirira kuti anamzeze akasowa nthawi yachisanu amakhala atagona m'matope pansi pa madzi. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, anapha dokowe woyera amene anali ndi mkondo wa ku Africa utamubaya pakhosi. Mbalameyo inauluka nawo mkondowo ulendo wonse, ndipo mpaka lero imasungidwa pa yunivesite ya Rostock. Mlenje wa kuno ku Africa amene anaphonya ndiwo tsiku limenelo ndiye anapereka umboni woyamba wooneka ndi maso. Mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete ta chitsulo tokhala ndi manambala kumwendo. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito, ndipo kuchigawo chathu chino kaundula wa mphetezi amasungidwa ku yunivesite ya Cape Town. Choncho mukapeza mbalame ya mphete kumwendo, si ya mfiti, si ya boma. Lembani zonse zolembedwa pamphetepo, tsiku ndi malo, kapena ijambuleni ndi foni. Nambala imeneyo wina akuidikira.

Amene anafikako ku Beira kapena ku Quelimane amadziwa kuti gombe la nyanja yamchere limapuma. Kawiri pa tsiku madzi amabwera n'kubwerera, ndipo ku Beira kusiyana kwake kumafika mamita 6. Akaphwera amasiya bwalo lalikulu la matope lodzaza nkhanu, nyongolotsi ndi tinkhono. Wojambula mbalame kumeneko amayendera ndandanda wa madzi: amakhala pansi madzi akamabwera, ndipo madziwo amamukankhira mbalame kumapazi. Nyanja yathu ilibe khalidwe limeneli. Imapuma kamodzi pa chaka. Imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mitsinje itatsanuliramo mvula yonse, kenaka imatsika pang'onopang'ono ndi dzuwa, ndi mwera, ndi madzi otuluka mu Shire, mpaka kufika pansi cha mu Novembala kapena Disembala. Kusiyana kwake nthawi zambiri ndi mita imodzi, kapena kupitirira pang'ono.

Mita imodzi ikuoneka yochepa, koma pagombe losalala ngati la kuno, kumene munthu amayenda mtunda madzi ali m'mawondo, imavundukula matope ambiri. Ndipo taonani mmene zinthu zinakumanirana: nyanja imafika pansi nthawi yomwe alendo a kumpoto akufika ndi njala. Chaka chimene nyanja yakwera mopitirira, monga mu 2024 pamene madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'magombe ambiri, matope aja amamira. Mbalame zimasamukira m'madambo ndi m'minda ya mpunga yothiriridwa. Munthu wofika tsiku limodzi angaganize kuti mbalame zatha, pomwe zangosuntha. Wokhala pomwepo chaka ndi chaka ndiye angathe kusiyanitsa kusuntha ndi kutha.

Malo abwino kwambiri ndi pamathiriro a mitsinje. Livulezi, Nadzipulu, Namikokwe ndi Bwanje zimatsika ndi dothi kuchokera kumapiri a Dedza ndi Ntcheu, n'kulitula pamene madzi afatsa. Apa nkhani imapota. Dothi pang'ono ndi limene limapanga matope odyera mbalame. Koma mitengo ya m'nkhalango za Mua-Livulezi ndi Dedza-Salima ikamathera m'mauvuni a makala, mtsinje subweranso ndi dothi pang'ono. Umabwera ndi mchenga wokwirira bango, minda ndi malo oswera chambo, umasefukira masiku awiri, kenaka n'kuuma msanga chilimwe chisanafike pakati. Thumba la makala limene timagula pa boma lili ndi mbali yake pa zimene wojambula adzapeze kapena sadzapeza kumathiriro. Ife a kumtunda nkhaniyi ikutikhudza kuposa mmene timaganizira.

Eni gombe nawo ndi osiririka, ndipo munthu woyamba kumene ayambire pa iwo. Nkhwazi, imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, imalira itaponya mutu kumbuyo, yaimuna ndi yaikazi molandizana, ndipo yaikazi ndiyo yaikulu thupi. Nantchengwa amamanga chisa cha denga, cha timitengo zikwizikwi, cholimba moti munthu angaimepo. Agogo athu ankatiletsa kuchiphwasula, ndipo kaya chifukwa chimene ankapereka chinali chotani, lamulo lawolo linasunga mbalameyi kuposa malamulo olembedwa. Pa masamba a kakombo pamayenda mbalame yofiirira ya zala zitali-zitali, imene mabuku amaitcha African Jacana. Kwa iyo, wofungatira mazira ndi kulera ana ndi tambala. Zikaopsa amawanyamula anawo m'mapiko, timiyendo tokha tikulendewera kunsi. Ndinaziona kamodzi kokha, ndipo ndinayamba ndaganiza kuti ndi mbalame ya miyendo isanu ndi umodzi.

Kusiyanitsa timbalame ta pamatope n'kovuta, chifukwa tikafika kuno timakhala titavula nthenga zokongola za nthawi yoswana, tonse tili mbuu. Odziwa sayamba ndi mtundu wa nthenga. Amayang'ana kutalika kwa mlomo, ngati ndi wowongoka kapena wopindika, mtundu wa miyendo, ndi kayendedwe. Pali ina imene imagwedeza matako kosalekeza, ndipo ikauluka imatsetsereka pamwamba pa madzi mapiko akunjenjemera. Pali ina ya miyendo yobiriwira imene imadzidzimuka msanga n'kulira katatu, n'kudzutsa zinzake zonse. Msodzi aliyense wa pa Mtakataka amazidziwa zimenezi, kungoti palibe anamufunsapo. Magalasi oonera patali amene ambiri amagwiritsa ntchito amalembedwa 8x42. Nambala yoyamba ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka pafupi kasanu ndi katatu, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo, mamilimita 42, limene limalowetsa kuwala. Okoka kwambiri kuposa apa amanjenjemera m'manja, makamaka m'bwato.

Tsopano za kujambula. Mabuku ambiri amati jambulani m'mawa, koma gombe la Dedza limayang'ana kum'mawa. Dzuwa limatulukira kutsidya, cha ku Nankumba, n'kukuthira m'maso. Mbalame ili pakati pa iwe ndi madzi imatuluka bii ngati khala, madzi ali ngwee. Zithunzi zotere zili ndi kukongola kwake, makamaka bwato ndi kakowa zikakumana pa kuwala kofiira, koma sizithandiza kuzindikira mtundu wa mbalame. M'mawa ndi bwino kuyenda motsata gombe, dzuwa lili paphewa, kapena kukwera bwato n'kuyang'ana kumtunda. Masana dzuwa likapendeka ndiye limakhala kumsana, nthenga iliyonse n'kuoneka. Kungoti mapiri athu omwe aja amalimeza msanga, ndipo mu Okutobala utsi wa moto wolusa umalifooketsa lisanafike n'kuphiri komwe. Nthawi yabwino ndi yaifupi, munthu ayenera kukhala atakhazikika kale pamalo.

Makamera a ntchitoyi amakhala ndi lenzi ya mamilimita 300 mpaka 600. Kuti mapiko a mbalame youluka asaoneke mbuu, kamera iyenera kuphethira mwachangu, gawo limodzi mwa magawo 1,000 kapena 2,000 a sekondi. Mbalame zoyera monga kakowa zimanyenga kamera: imaona madzi akuda kumbuyo n'kuwonjezera kuwala, nthenga zonse n'kufufutika. Pamenepo umachepetsa kuwala ndi dzanja. Ndipo chifukwa chogonera pansi chija n'chakuti diso la kamera likhale pa msinkhu wa diso la mbalame. Ukajambula utaimirira, umajambula msana wa mbalame ndi matope. Ukagona, kumbuyo kwake kumasungunuka, mbalameyo n'kuoneka ngati munthu amene mukuyang'anana naye. Mdani wamkulu wa zipangizozi ndi mchenga. Osasintha lenzi mphepo ikuwomba, osapukuta galasi ndi malaya.

Koma chida choposa zonse ndi kukhala phee. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaitsata mbalame imathawa, ndipo umangojambula michira. Ukakhala pansi, zovala zosawala, osatambasula manja, pakatha theka la ola imakuiwala n'kuyamba kudya ikubwera kwa iwe. Anyamata amene anakulira kutchera ulimbo ndi makhwekhwe luso limeneli ali nalo kale m'magazi. Amadziwa mtengo umene mbalame imakonda kuterapo, nthawi imene imamwa madzi, mbali imene mphepo ikuchokera. Inenso ndinapha timba ndi mpheta zambiri ndili mwana, ndipo zimene ndimadziwa pa kufatsa ndinaziphunzira ndi legeni m'manja.

Wina asaganize kuti popanda kamera ya mamiliyoni palibe chimene angachite. Foni yoikidwa pa diso la magalasi oonera patali imatulutsa chithunzi chokwanira kuzindikira mbalame. Foni yomweyo imajambula kulira kwake, ndipo mbalame zambiri za m'bango zimadziwika ndi mawu kuposa maonekedwe. Ngakhale kope la sukulu ndi pensulo ndi zida zokwanira.

Pali mbali ina imene ojambula sakonda kuikamba: kamera nayo imapha. Gulu la mbalame likadzidzimutsidwa n'kuuluka, limawotcha mafuta amene likusungira ulendo wobwerera. Ena amachita dala, kuthamangira gululo kapena kuponya mwala, kuti apeze chithunzi cha mapiko ambirimbiri. Ena amaulutsa droni pamwamba pake, ndipo kwa mbalame droni ndi mphamba. Choopsa kwambiri chili pa mbalame zoikira pamchenga. Pali kambalame koyera pamphumi kamene sikamanga chisa, kamangokumba kadzenje n'kuikira mazira ofanana ndi mchengawo. Kholo limakhala pamazira kuwatchingira dzuwa. Munthu akaima pafupi kufuna chithunzi chabwino, kholo limachoka, ndipo pa mchenga wotentha wa chilimwe mazira satenga nthawi kupsa. Khwangwala nayenso amakhala akuonerera pamene munthu waloza. Mukaona mbalame ikukoka phiko pansi ngati yathyoka, sinathyoke. Ikukuchotsani pa ana ake. Bwererani mmene munadzera.

Za kuliza mawu a mbalame pa foni kuti ituluke m'bango, maganizo anga ndi akuti tizipewe. Imene imatulukayo imabwera kudzamenyana ndi mdani amene kulibe, itasiya chisa. Nkhani ya kuponyera nkhwazi nsomba, imene eni mabwato amachita ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, ndi yovutirapo. Amaimba likhweru, amaponya nsomba, nkhwazi imatsika, makamera n'kulira. Zithunzi zambiri zokongola za nkhwazi zimene mumaziona zinajambulidwa chomwechi. Mabanja amadya nazo, ndipo munthu amene amapeza ndalama ndi nkhwazi sangalole wina kudula mtengo wa chisa chake. Sindingaweruze mnyamata wa bwato. Chimene ndimapempha ndi chilungamo kwa wojambula: anene kuti nsombayo inachita kuponyedwa, asanamizire kuti anaipeza ikusaka yokha.

Ndiye pali anthu. Gombe si tchire lopanda mwini. Padooko amayi amasamba ndi kuchapa, ndipo lenzi yaitali yoloza kumeneko, ngakhale ikutsata kakowa, ndi chipongwe chachikulu. Mitengo ikuluikulu yotsala m'midzi yambiri ya kuno ili kumanda, ndiye mbalame zimadzazana kumeneko. Koma ku Dedza mwana aliyense amadziwa kuti kumanda ndi kudambwe, ndipo munthu wosalowa gule sapondako mwachisawawa, ngakhale atamva kulira kwa mbalame imene waifuna zaka khumi. Tisaiwalenso zimene zinachitika mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa. Mlendo wobisala m'bango m'bandakucha ndi zida zosadziwika akudziika pangozi. Njira ndi yakale yomwe ija: kuyamba kwa amfumu, kupereka moni, kufotokoza, kutenga munthu wa m'mudzimo n'kumulipira bwino, ndi kuonetsa anthu zimene zili mu kamera. Ndaonapo nkhope ya mkulu wina ikusintha ataona diso la nkhwazi pafupi koyamba. Anangoti, "Achimwene, kodi imaoneka chonchi?" Anakhala nayo pafupi zaka zonse za moyo wake.

Munthu wa m'mudzi yemweyo ndi amene adzakuuzeni pamene pali ng'ona ndi njira ya mvuu. Madzi odekha a m'bango ndi kwawo kwa nkhono za likodzo, choncho wolowamo akayezetse kuchipatala. Mbalame zopezeka zitafa zambiri pamodzi zisagwiridwe ndi manja, zisadyedwe, akauzidwe alangizi a ziweto.

Tifike pa funso la mlimi, chifukwa ndi lolemera kuposa onse. Pa sikimu ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imamwa madzi a Namikokwe, mbalame si chinthu chosiririka mpunga ukamacha. Mpheta za milomo yofiira, zimene akatswiri amati ndi mbalame zakutchire zochuluka kuposa zina zonse padziko lapansi, zimabwera ngati mtambo. Banja limatha milungu likuingitsa mbalame kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, zitini ndi mapepala apulasitiki zili pa zingwe, ana ena mpaka kujomba kusukulu. Kumuuza munthu ameneyu kuti azikonda mbalame osamva kaye za Kilombero wake amene wadyedwa ndi kumunyoza. Chimene tinganene moona n'chakuti si mbalame zonse zimadya mpunga. Akakowa, adokowe, anamzeze ndi timbalame ta pamatope timadya ziwala, mbozi ndi tizilombo ta m'madzi. Kadzidzi amene timamugenda ndiye amatha makoswe a m'munda. Poizoni sasankha. Tameki wothiridwa pa madeya kapena pachithaphwi amapha wakuba ndi mlonda yemwe, n'kukathera mu mphika wa munthu wogula mbalame zootcha pamsewu.

Kusaka nako kuli ndi malire ake. Lamulo la nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafuna chiphaso kwa wosaka mbalame, ndipo pa zamoyo zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 kundende. Koma lamulo lokha silinaletsepo njala. Ku Nyanja ya Chilwa, imene inali malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, nsomba zikasowa anthu amatembenukira ku mbalame, makamaka nyanjayo ikauma monga mu 1995. Kumeneko osaka anapanga magulu awo, n'kugwirizana za miyezi yosasaka ndi malo osiyira mbalame kuti ziswane. Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje inalowa m'ndandanda womwewo mu 2017.

Chitsanzo chimene chimandipatsa chiyembekezo chili ku India. Kuli kamphamba kakang'ono kotchedwa Amur Falcon, kamene kamaswera kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kamadutsa pamwamba pa nyanja yamchere kuchokera ku India kufika ku Africa osatera, n'kudzadya inswa kuchigawo chathu chino nthawi ya mvula. Mu 2012 zinadziwika kuti ku Nagaland, kumene timphambati timapumulira paulendo, anthu ankatigwira ndi maukonde toposa 100,000 pa chaka. Zinadziwika chifukwa cha zithunzi. Chaka chotsatira mafumu, mipingo ndi boma anagwirizana, kupha kunaima, ndipo ena mwa osaka aja lero ndi amene amaperekeza alendo. Timphamba timene timazungulira pamwamba pa chulu mu Disembala mwina tili moyo chifukwa cha pangano la mudzi umene sitidzauona.

Izi zikundifikitsa pa chimene chimandiwawa. Mbiri ya mbalame za dziko lino inalembedwa kwambiri ndi alendo: Charles Belcher, amene anali woweruza milandu nthawi ya atsamunda, C.W. Benson, amene anali bwanamkubwa wa maboma, ndipo pambuyo pake Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, amene anatulutsa kaundula wamkulu mu 2006. Ntchito yawo ndi yamtengo wapatali. Koma pambali pa Benson, kwa zaka zambiri, panali Jali Makawa, munthu wakuda wa makutu ndi maso odabwitsa, amene ankazindikira mbalame yachilendo pongomva kulira kwake. Mu 1964, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, anapeza kambalame kamene sikanaonekenso kuchokera pamenepo, ndipo dzina lake la sayansi ndi Pogoniulus makawai, kutengera dzina lake. Ndi ana angati a sukulu za ku Golomoti anamvapo za munthu ameneyu? Ndipo ndi a Makawa angati amene akupalasa bwato lero pa gombe lathu, nzeru zawo n'kudzapita nazo kumanda?

Zipata zilipo. Chaka chilichonse mu Januwale ndi Julayi, mayiko a mu Africa amawerenga mbalame za m'madzi, ndipo owerengawo ambiri ndi anthu wamba odzipereka. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lili ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu zambiri. Pa intaneti pali eBird, kumene aliyense amalemba mbalame zimene waona, malo ndi tsiku, kwaulere, ndipo asayansi a dziko lonse amagwiritsa ntchito zolembazo. Koleji yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire ili konkuno ku Dedza, ku Chongoni, ulendo wa theka la tsiku kukafika kunyanja. Alendo oona mbalame ambiri amathamangira ku Liwonde, ku Nyika, ku Dzalanyama ndi ku Senga Bay, ndipo gombe la pakati pa Chipoka ndi mathiriro a Bwanje amangolidutsa pa msewu. Mphunzitsi mmodzi wa pa Mtakataka amene angamapite pamalo amodzimodzi Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, n'kulemba zimene waona kwa zaka zisanu, angakhale ndi umboni umene mlendo wa kamera yodula sangaupeze. Tsiku limene wina adzafune kugwetsa bango lonse kuti amange, kapena kupatutsa mtsinje, kope limenelo ndi limene lidzayankhule.

Ndipo alembe ndi maina athu. M'nkhani ino ndakakamizika kutchula mbalame zingapo m'Chingerezi, ndipo zandipweteka. Agogo a m'mphepete mwa nyanja ali ndi maina a mbalame zimenezi, ena a Chichewa, ena a Chiyao, ena osiyana mudzi ndi mudzi, ndipo ambiri amatsanzira kulira kwa mbalameyo kapena khalidwe lake. Mdzukulu akajambula chithunzi pa foni, akawaonetse agogo, afunse kuti iyi mumaitcha chiyani, imabwera liti, kale inkachuluka bwanji, ankati ikalira ndiye kuti chiyani. Dzinalo alilembe pansi pa chithunzicho pamodzi ndi dzina la mudzi.

Kumapeto kwa Marichi nyanja imakhala ikukwera, matope akumira tsiku ndi tsiku. Timbalame totuwa tija timayamba kusintha, msana umachita kufiirira ngati dothi la katondo, chifuwa chimatukuka ndi mafuta. Timadya mosapuma, timakangana, madzulo timauluka mozungulira n'kuteranso. Tsiku lina m'mawa umafika pamathiriro n'kupeza akakowa ndi nantchengwa okha, ndi timapazi tating'ono pamatope amene madzi sanawafikebe. Umatsegula kope n'kulemba tsikulo, chifukwa mu Seputembala udzafuna kudziwa kuti papita masiku angati.